Kodi mpira ndi makalabu zingabweze ana athu kusukulu?

Funso

Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi. Chaka chino anthu anandisankha kukhala m'komiti ya sukulu yathu ya pulaimale. Chimene chikundiwawa n'chakuti mu sitandade 1 ana amadzaza mpaka ena kuphunzirira pansi pa mtengo, koma pofika sitandade 6 amatsala owerengeka. Anyamata ali kunyanja kapena akudikira ulendo wa ku Joni, atsikana ena akwatiwa. Aphunzitsi aakulu atsopano akufuna kudzutsa mpira, magule ndi makalabu, akuti zimenezi zimakoka ana. Makolo ambiri akukana. Akuti n'kutaya nthawi, masana ana amapita kumadrasa, ndiponso ndalama zimene tinasonkha kale zogulira yunifolomu ya mpira sizinaoneke kumene zinalowera. Ine ndili pakati, ndikhale mbali iti?

Yankho

Mayi, ndathokoza chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndikupemphani kuti mtima ukhale m'malo. Ndinaphunzitsa zaka zambiri m'boma lathuli, kunyanja ndi kumtunda komwe, kenako ndinakhala mphunzitsi wamkulu, ndipo sukulu imene inkandidetsa nkhawa kwambiri inali ija yakuti mukaitanitsa msonkhano pamabwera anthu asanu okha, onse n'kungovomera chilichonse. Kwanu makolo akutsutsa ndipo akufunsa za ndalama zawo, kusonyeza kuti sukuluyo amaiwerengera kuti ndi yawo. Aphunzitsi aakulu akunena zoona, makolonso akunena zoona, ndipo ntchito yanu m'komiti ndi kupeza nthawi ndi njira yoti zoona ziwirizi zikhalire pamodzi.

Ndiyambe ndi chimene chimachotsa ana pasukulu. Boma litachotsa fizi ya ku pulaimale mu 1994, ana olembetsa m'dziko muno anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanirepo. M'kalasi ya ana oposa zana, mphunzitsi ngakhale akhale wakhama sangadziwe dzina la mwana aliyense. Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba kujomba Lolemba, sabata yotsatira ajomba masiku atatu, ndipo akaona kuti palibe amene wafunsa, amadziwa kuti kukhalapo kwake ndi kusakhalapo kwake n'chimodzimodzi. Koma goloboyi wa timu ya sukulu akasowa, anzake amakamutenga kwawo tsiku lomwelo. Mtsikana amene amatsogolera nyimbo akapanda kubwera, gulu lonse limasokonekera ndipo aliyense amafunsa kumene ali. Phindu lalikulu la zochitika za kunja kwa kalasi ndi limeneli: zimasandutsa mwana wosadziwika kukhala munthu amene anzake akumudikira.

Palinso nkhani ya nyanja, imene anthu okhala kutali saimvetsa. Nyanja imalipira tsiku lomwelo. Mnyamata akathandiza kukoka khoka kapena kuyanika nsomba pathandala, madzulo amakhala ndi kangachepe m'thumba, agula mandasi n'kukalowa kovidiyo. Akatembenuka aona mkulu wake wabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamoto, akumanga nyumba yamalata, pamene sanafike ngakhale sitandade 7. Sukulu imamuuza kuti apirire zaka zisanu ndi zitatu, kenako zina zinayi ku sekondale, ndipo mphotho yake aiona kutsogolo. Kwa mwana wa zaka khumi ndi ziwiri kutsogolo kumeneko n'kutali kwambiri. Mpira wa Lachitatu masana ndi chinthu chokhacho chimene sukulu ingamupatse sabata yomweyo. Komabe musawalonjeze makolo zoposa pamenepa. Mpira suthetsa njala, sumanga zimbudzi za atsikana, ndiponso subweza mphunzitsi amene amajomba. Pasukulu pamene ana amalandira phala m'mawa ndinaona ndi maso anga kuti phalalo limakoka ana aang'ono kuposa china chilichonse, pamene makalabu amagwira kwambiri ana a sitandade 4 kupita m'tsogolo, amene ndi omwewo mukudandaula nawo.

Tsopano za madrasa. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri ochokera kumaboma ena amapunthwa, chifukwa amaganiza kuti belu loweruka likalira, masana a mwana alibe mwini. Kuno masana a mwana ali ndi eni ake ambiri: amwalimu akumudikira kumadrasa, amayi ake akufuna madzi ndi nkhuni, abambo ake akufuna wowathandiza kusoka ukonde, ndipo ana achikhristu nawo ali ndi kwaya kapena kalasi ya kutchalitchi. Sukulu ikangolengeza kuti ana azitsalira tsiku lililonse, imakhala yalanda nthawi ya anthu amenewa osawapempha, ndipo mkangano wotere sukulu siipambana. Msonkhano wa makolo usanachitike, inu ndi apampando a komiti mupite kwa ashehe ndi amwalimu kwawo, mukhale pansi, muwafunse masiku ndi maola amene ana amaphunzira kumadrasa, kenako mupemphe masana amodzi okha pa sabata. Lachisanu musalikhudze chifukwa cha swala ya Ijumaa. Mwezi wa Ramadhani umasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho muziuyang'aniratu polemba ndondomeko ya teremu, kuti mpikisano wothamanga kapena wa mpira usagwere nthawi imene ana okulirapo akusala kudya, makamaka m'dera lotentha ngati lathu.

Pasukulu ina imene ndinatsogolera, titapita kukapempha motere, ashehe anatipatsa zoposa zimene tinapempha. Anavomera masana amodzi, ndipo anawonjezera kuti mwana aliyense wofika kumadrasa azifunsidwa ngati m'mawa anali kusukulu. Mawu amenewo anagwira ntchito imene ine ndi ndodo ya malamulo sindikanaitha. Ifenso tinalonjeza kuti tsiku la zochitika pasukulu tizitsegula ndi pemphero la mbali imodzi n'kutseka ndi la mbali inayo, ndiponso kuti atsikana azisewera mpira wamanja atavala zimene makolo awo akhutira nazo. Siketi yaitali ndi hijabu sizilepheretsa mwana kuponya mpira mu ring'i, ndipo si nzeru kutaya osewera khumi chifukwa choumirira kavalidwe ka pa wailesi yakanema.

Nkhani ya zinamwali ndiikhalirepo pang'ono, chifukwa ndi imene sitiikamba mokwanira m'makomiti. Mafumu ambiri m'boma lino anavomereza kale kuti jando ya anyamata ndi nsondo ya atsikana zizichitika patchuthi chachikulu, kuti ana azituluka kundagala, kumsasa wa chinamwali, sukulu isanatsegulidwe mu Seputembala, ndipo ngati kwanu zikulowerera m'teremu, amfumu ndi amene angalankhule ndi angaliba ndi anakanga, amene amayendetsa zinamwalizo. Koma vuto limene ndinkaliona kwambiri limabwera ana atatuluka. Mnyamata amabwerako atauzidwa kuti tsopano ndi wamkulu, wavala zatsopano, mudzi wonse wamuvinira, ndipo sabata yotsatira sukulu imamukhazika pansi pafumbi pakati pa tiana timene sitinavinidwe, n'kumukalipira pamaso pawo. Ambiri amachokera pomwepo. Mudzi wamupatsa ulemu, sukulu yamuchotsera. Makalabu amatipatsa mpata wokonza zimenezi, chifukwa mwana wotere mungamupatse udindo: akhale kaputeni, asunge mpira ndi pampu, aziyang'anira nazale ya mitengo, aziperekeza ana a sitandade 1 a kumudzi kwawo. Mwana amene wauzidwa kuti wakula amafuna ntchito ya munthu wamkulu, ndipo akapanda kuipeza pasukulu amakaipeza kudoko. Kwa atsikana n'chimodzimodzi, koma iwo amafunikanso amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza atsikana pasukulu, pafupi, oti aziwalankhula za kudzisamalira akakhala kumwezi ndi kuwatsimikizira kuti kutha msinkhu sikutanthauza kutha kwa sukulu. Ngati mungathe kukopa nakanga mmodzi wolemekezeka kuti alowe m'gulu la amayiwo, mwapeza munthu amene atsikana amamumvera kuposa tonsefe.

Mukafunsa kuti muyambe ndi ziti, ine ndingati musapitirire zitatu m'teremu yoyamba, ndipo zonse zikhale zosafuna ndalama. Mpira wamiyendo ndi wamanja ana amaukonda kale, ndipo mitengo ya magolo anyamata a m'mudzi angaizike tsiku limodzi. Chachiwiri chikhale magule. Beni ndi wathu kuno ku Mangochi, ng'oma zili m'mudzi momwemo, ndipo akatswiri ake ndi agogo a ana omwewo. Mukaitana mkulu wa beni kuti adzaphunzitse ana pabwalo la sukulu, mwapeza mphunzitsi waulere, komanso mwalowetsa pasukulu munthu amene mwina sanapondepo kuyambira ali mwana. Akuluakulu omwewo ndi amene angasankhe nyimbo zoyenera pasukulu, pakuti m'magule ena monga manganje muli nyimbo zimene malo ake ndi kwina.

Chachitatu ndimakonda kalabu ya zisudzo ndi mtsutso, ndipo chifukwa chake ndi chilankhulo. Mwana wa kwanu amabadwira m'Chiyao, akafika kusukulu akumana ndi Chichewa, asanachizolowere bwino akumana ndi Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Ana ambiri amene timawayesa ofooka amangokhala chete chifukwa choopa kusekedwa. Muwalole ayambe sewero lawo m'Chiyao, mudzadabwa kuona mwana amene m'kalasi satsegula pakamwa akuseketsa bwalo lonse. Akazolowera kuimirira pamaso pa anthu, mphunzitsi angayambe kulowetsamo Chichewa ndi Chingerezi pang'onopang'ono. Kholo limene likuti makalabu ndi kutaya nthawi mungaliyankhe ndi mfundo imeneyi, kuti kulankhula molimba mtima ndi gawo la kukonzekera mayeso.

Zimenezi zikakhazikika mungawonjezere kalabu ya zachilengedwe, imene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa m'sukulu kwa zaka zambiri. Kwanu phunziro lake lili pakhomo. Akuluakulu a ku Malombe amakumbukira nthawi imene chambo chinali chochuluka, ndipo anaona chikutha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, maukonde a maso ang'onoang'ono atachuluka ndi udzu wa pansi pa nyanja utakokoloka. Msodzi wachikulire wa m'komiti ya m'mphepete mwa nyanja, ija timati BVC, atafotokozera ana zimenezi, angaphunzire zambiri kuposa za m'buku. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, choncho nazale iyenera kuyambidwa m'teremu yoyamba. Tsiku lina mukadzapeza mpata, mudzawatengere ana kuboma akaone nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum ndi mfuti ya sitima ya Guendolen pafupi ndi nsanja ya wotchi, sitima imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani panyanja ya Malawi. Ana ambiri a m'boma lino sanafikepo ku Cape Maclear, ngakhale kuti paki ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo anthu amachokera kumayiko akutali kudzaona nsomba zake zotchedwa mbuna.

Za ndalama zimene zinasowa, makolo asamauzidwe kuti aiwale. Nkhani yotere ikakwiriridwa imadzuka pamsonkhano uliwonse. Muipereke m'komiti kuti ilembedwe m'buku la zokambirana, mufunse amene ankasunga, mabuku ndi malisiti ngati zilipo, ndipo zimene mwapeza, zochepa kapena zambiri, mukaziwerenge pamaso pa makolo. Ngati nkhaniyo ikukhudza mphunzitsi, musamuweruze pabwalo. Muipereke kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu, a PEA, amene amapezeka ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'zoniyo. Kenako mulengeze kuti teremu yonse yoyamba simusonkhetsa ngakhale tambala. Ana angasewere ndi malaya awo, timu ina n'kumanga nsalu pamkono. Makolo akadzaona ana awo akusewera, adzayamba okha kufunsa za yunifolomu, ndipo pamenepo msungichuma akhale kholo losankhidwa pamsonkhano, ndalama zizituluka anthu atatu atasaina, ndipo zolowa ndi zotuluka zizimatidwa pakhoma la ofesi komanso kuwerengedwa mokweza m'Chiyao ndi m'Chichewa chifukwa cha amene sadziwa kuwerenga. Kumbukiraninso kuti sukulu za boma zimalandira thandizo la ndalama lotukulira sukulu potsata mapulani amene komiti, bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA ndi aphunzitsiwo amalemba pamodzi, choncho inu muli ndi ufulu wopempha kuti mipira ilowe m'mapulani amenewo. Mwana asabwezedwe kunyumba kapena kuchotsedwa m'timu chifukwa kholo lake silinasonkhe.

Ndikadakunamizani ndikadati zonsezi zilibe zoopsa. Choyamba chimene chimandisowetsa tulo ndi chitetezo cha atsikana. Nthawi ya makalabu ndi nthawi imene sukulu imakhala ndi anthu ochepa, ndipo ndinaonapo mphunzitsi wina amene anagwiritsa ntchito kwaya ya sukulu kuti azitsala ndi mtsikana. Kuyambira pamenepo sindinalolenso gulu lokhala ndi atsikana kukumana popanda mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa Mother Group, ndipo ndikukupemphani kuti lamulo limeneli mulilembe musanayambe chilichonse. Zochitika zizichitikira poyera, zizitha dzuwa likadali pamwamba, ndipo ana a mudzi umodzi azibwerera limodzi. Paulendo wokasewera ndi sukulu ina pazikhala makolo awiri, ana asadzazidwe m'lole ngati matumba, ndipo ulendo wa pabwato nthawi ya mwera musauvomereze ngakhale ena akakamize bwanji.

Zina n'zazing'ono koma zimapha chidwi. Aphunzitsi ena amasandutsa kalabu kukhala gulu lowatungira madzi ndi kuwalimira m'munda, ndipo makolo akazindikira amabweza ana awo. Ena pofuna kupambana amabwereka anyamata akuluakulu a kudoko amene sali pasukulu, ana enieni n'kumaonerera kunja. Lamulo likhale lakuti wosewera ndi amene dzina lake lili m'kaundula ndipo wabwera kusukulu sabata imeneyo. Musaiwale ana olumala, pakuti bawo, zisudzo ndi nyimbo zili ndi malo awo. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno si kwamasewera, choncho pabwalo pazikhala ndowa ya madzi a pamjigo yovundikira bwino, makamaka tikakumbukira mmene kolera inavutira boma lino mu 2022 ndi 2023. Ana akatuluka thukuta amathamangira kukasamba kunyanja, kumene kuli ng'ona, mvuu ndi likodzo. Mnyamata akamakodza magazi, ena amati ndi chizindikiro cha kukula, koma amenewo ndi matenda ndipo mankhwala ake alipo. Muuzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena mupite naye kuchipatala.

Pali nkhani zina zimene komiti siyenera kuzisenza yokha. Mukamva kuti mtsikana wa pasukulu akukonzeredwa ukwati, dziwani kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo amfumu, ogwira ntchito yoteteza ana a ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi apolisi a Victim Support Unit ali ndi mphamvu yolowererapo. Mwana akagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi wachibale, imeneyo si nkhani yokambirana pansi pa mtengo n'kulipitsana mbuzi. Mwanayo apite kuchipatala msanga ndipo apolisi adziwe. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza ana pa nkhani zotere. Mtsikana amene anatenga pakati ali ndi ufulu wobwerera kusukulu akabereka, ndondomeko imeneyi inayamba mu 1993, ndipo amene amabwerera mosavuta ndi amene anzake a m'kalabu amapita kukamuona. Za anyamata a kunyanja, lamulo la ntchito sililola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo njira imene ndinaiona ikuthandiza ndi yakuti amfumu ndi a BVC agwirizane ndi eni maukonde kuti mwana wa sukulu asapezeke padoko nthawi ya maphunziro.

Aphunzitsi aakulu anuwo muwathandize, koma muwauzenso kuti asathamange. Mphunzitsi amene watha m'mawa wonse ndi ana zana amakhala atatopa, ndipo kalabu yomukakamiza imafa pakatha mwezi. Aliyense asankhe chimene amachikonda, ndipo pambali pake pakhale munthu wa m'mudzi womuthandiza, kuti mphunzitsiyo akadzasamutsidwa ntchito isadzapite naye.

Pamsonkhano ukubwerawu musapemphe makolo kuti avomereze zonse mpaka kalekale. Muwapemphe teremu imodzi yoyesera, masana amodzi pa sabata, popanda chopereka. Musanayambe, mupemphe aphunzitsi aakulu akuonetseni kaundula wa sitandade 4 mpaka 7, mulembe m'kope lanu chiwerengero cha anyamata ndi atsikana amene akubwera tsiku ndi tsiku, ndipo mudzawerengenso teremu ikamatha. Sabata yotsekera mudzaitane mudzi wonse, amfumu, ashehe, abusa ndi eni maukonde, ana adzavine beni ndi kuchita sewero lawo, kenako inu mudzaimirire n'kuwerenga manambala awiri aja kuti makolo adzaweruze okha ngati zipitirire. Mukadzafika pamenepo mudzandilemberenso, ndidzafuna kumva makamaka za atsikana a sitandade 6.